Ndingadziwe bwanji kuti makolo anga okalamba ayamba kufunika wowathandiza pakhomo?

Wachisamba wafunsa:

Moni nonse. Bambo anga ali ndi zaka 79, mayi 74, ndipo amakhala awiriwiri. Ana tonse tili kutali, timangolankhula nawo pafoni. Ukawafunsa kuti muli bwanji, yankho silisintha: tili bwino, musade nkhawa. Koma m'bale wina amene anakawaona posachedwapa akuti bambo awonda, ndipo mayi akamayenda m'nyumba akumagwirira khoma ndi mipando. Tsono ana tagawikana. Ena akuti ndi ukalamba basi, tisawavutitse. Ena akuti tipeze munthu woti azikhala nawo. Poti ndine woyamba kubadwa, onse maso ali pa ine, paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Sindikufuna kuwalanda zinthu zomwe akutha okha, komanso sindikufuna kudzadzidzimuka wina atagwa n'kuthyoka. Inu amene mumadziwa za chisamaliro cha okalamba, ndikapita kukawaona ndikayang'ane chiyani kwenikweni? Ndi zizindikiro ziti zoti n'kudikira nazo, ndipo ndi ziti zoti n'kuthamangira nazo kuchipatala?

Namwino wa Okalamba wayankha:

A Wachisamba, pafoni simudzadziwa kanthu. Munthu wamkulu amatha kudzilimbitsa kwa mphindi 10 kuti mwana wake asade nkhawa, ndipo ambiri amachitira dala, poopa kukhala mtolo kapena kuchotsedwa pakhomo pawo. Ulendo wofika masana n'kubwerera madzulo nawonso sukwanira, chifukwa tsiku limenelo amasesa, kusamba n'kuvala bwino. Mukagone kumeneko masiku awiri kapena atatu. Zovuta zenizeni zimaonekera usiku ndi m'mamawa: podzuka pabedi, popita kuchimbudzi mumdima, posamba.

Funso loti muziyenda nalo m'mutu ndi ili: n'chiyani chomwe ankachita okha chaka chatha, chomwe lero asiya kapena akuchita movutikira? Musawayerekeze ndi okalamba ena, ayerekezeni ndi mmene eni akewo analili. Ngati bambo sanaphikepo moyo wawo wonse, kusaphika kwawo sikukuuzani kanthu. Koma ngati ankasunga malisiti onse mwadongosolo, lero n'kupeza mabilu a miyezi itatu ali osatsegula, pamenepo pali nkhani.

Ntchito sizitayika mwachisawawa, zimakhala ndi ndondomeko yake. Zoyamba kuvuta ndi zofuna kukonzekera ndi kuwerengera: kusamala ndalama, kumwa mankhwala pa nthawi yake, kukagula zinthu, kuphika, kuchapa, kusamalira m'nyumba, kugwiritsa ntchito foni ndi kuyenda ulendo okha. Achipatala amafunsabe zinthu 8 zimenezi potsatira mndandanda womwe akatswiri awiri, Lawton ndi Brody, anakonza mu 1969. Zosamalira thupi zimabwera pambuyo, ndipo pa mndandanda wa dokotala wina, Katz, wa mu 1963 zilipo 6: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudzuka pabedi kapena pampando, kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi kudya. Kawirikawiri kusamba ndiko kumayamba kuvuta, kudya n'komaliza. Kugawa chonchi kumakuuzani kukula kwa thandizo lofunika. Ngati zikuvuta ndi za gulu loyamba zokha, munthu wobwera kawiri kapena katatu pa sabata angakwanire. Kusamba ndi kuvala zikayamba kuvuta, pakufunika wobwera tsiku lililonse. Akamalephera kudzuka okha kapena kufika kuchimbudzi usiku, pakufunika wogona m'nyumbamo.

Tsono muziyang'ana m'nyumba, osati nkhope zawo zokha. Tsegulani makabati akukhitchini. Poto wopserera pansi wokankhidwira kuseri kwa anzake, chakudya choonongeka chomwe sichinatayidwe, chinthu chimodzimodzi chogulidwa kanayi pomwe china chofunika chatha, zonsezi zimalankhula. Nunkhizani matiresi ndi mpando womwe amakonda kukhalapo. Fungo la mkodzo amalibisa kwambiri chifukwa cha manyazi, pomwe nthawi zambiri gwero lake n'lochizika: matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, prostate (kachiwalo ka kunsi kwa chikhodzodzo) yotupa kwa abambo, shuga wokwera, kapena kungoti chimbudzi chili patali miyendo yayamba kuchedwa. Yang'ananinso mapazi. Zikhadabo zakumapazi zazitali, zokhotera m'mnofu, zimakuuzani kuti munthuyo sakuthanso kuwerama kapena sakuona bwino, ndipo kwa wodwala shuga kachilonda ka pachala kangathe kufika podulitsa phazi.

Za kuwonda kwa bambo, musadalire maso. Ayezeni pasikelo, mulembe tsiku ndi kulemera kwawo, ndipo muzibwereza mwezi uliwonse pasikelo yomweyo. Pa ndondomeko yosamalira okalamba yotchedwa ICOPE, ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kutsika ndi makilogalamu oposa 3 m'miyezi itatu munthu asakufuna n'chizindikiro choti akapimidwe. Madokotala ambiri amayang'ananso kutsika kwa magawo 5 pa 100 m'miyezi 6 mpaka 12, kutanthauza makilogalamu 3 kwa munthu wolemera 60. Ngati simudziwa kulemera kwawo kwakale, onani lamba: bowo latsopano loboola ndi msomali, mphete yomwe yayamba kuvuka yokha, mano oikirira omwe ayamba kugwedera. Kuwonda chonchi si ukalamba. Gwero likhoza kukhala mano owawa, zilonda za m'kamwa, kusowa mphamvu zophikira, kukhumudwa, mankhwala ochotsa chilakolako cha chakudya, shuga, TB, chithokomiro kapena khansa. Mudye nawo limodzi, muone. Akamatsamwa kapena kutsokomola pomeza, makamaka pomwa madzi, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi akangomwa, nenani kuchipatala, chifukwa chakudya cholowera kumapapo chimayambitsa chibayo.

Madzi nawonso muwaonetsetse. Ludzu limachepa munthu akamakalamba, ndipo ambiri amadzimana dala madzulo poopa kudzukadzuka usiku. Mkodzo wochepa, wakuda ndi wonunkha, milomo youma ndi kudzimbidwa zimasonyeza zimenezo. Malita 1.5 mpaka 2 a zakumwa patsiku ndi okwanira kwa ambiri, pokhapokha dokotala atawachepetsera chifukwa cha mtima kapena impso.

Pa funso lanu lomaliza, chachikulu ndi liwiro la kusinthako. Zosintha pang'onopang'ono, pa miyezi, mutha kukonza tsiku lokaonana ndi dokotala. Zosintha pa maola kapena masiku ochepa n'zothamangira nazo tsiku lomwelo. Munthu amene dzulo anali bwinobwino, lero akulankhula zosalumikizana, sakudziwa komwe ali, akuona zinthu zomwe palibe, kapena wangoti zii, akungogona osafuna kudya, ameneyo sanayambe kuiwalaiwala kwa ukalamba. Achipatala amati delirium, ndipo pamakhala china chomwe chayambitsa: chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kutha madzi m'thupi, mkodzo wotsekeka, kudzimbidwa kwambiri, shuga wotsika, ululu kapena mankhwala atsopano. Wongogona uja ndi amene amaphonyedwa kawirikawiri, chifukwa savutitsa munthu. Dziwaninso kuti wokalamba amatha kudwala kwambiri thupi lisanatenthe n'komwe. Nkhope ikakhotera mbali imodzi, mkono kapena mwendo ukafooka, mawu akayamba kukokeka, imeneyo ndi sitiroko. Lembani nthawi yomwe munawaona komaliza ali bwino n'kunyamuka, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana kawirikawiri amaperekedwa m'maola 4 ndi theka oyambirira okha, ndipo musawamwetse kanthu m'njira.

Wa Mafizo wayankha:

Anamwino afotokoza zambiri, ine ndikhale pa nkhani ya mayi. Kugwirira khoma ndi mipando musakuone mopepuka, a Wachisamba. Munthu amachita zimenezo miyendo ikasiya kumukhulupiritsa, ndipo n'kutheka kuti anagwapo kale koma sananene. Malinga ndi WHO, mwa anthu 100 aliwonse a zaka 65 kupita m'tsogolo, 28 mpaka 35 amagwa chaka chilichonse, ndipo pa anthu pafupifupi 684,000 omwe amafa chifukwa cha kugwa chaka chilichonse padziko lonse, gulu lalikulu ndi la opitirira zaka 60. Kwa amayi ngozi yothyoka imakula chifukwa mafupa amachepa mphamvu msambo ukasiya.

Mukafunsa kuti "munagwapo?" adzakana. Funsani kuti "chaka chino mwaterereka kapena kupunthwa kangati?" kapenanso "munapezekapo mwakhala pansi musanafune?" Posintha zovala kapena atavala za manja aafupi, onani mikwingwirima m'mikono, m'mawondo ndi m'chiuno. Kugwa kawiri m'miyezi 12, kugwa kamodzi n'kuvulala, kapena kugwa n'kulephera kudzuka okha, chilichonse mwa zimenezi n'chokwanira kuti akapimidwe.

Pali mayeso awiri omwe mungachite pakhomo ndi wotchi ya pafoni. Pezani mpando wolimba, wopanda matayala, wotalika pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, muutsamiritse kukhoma. Poyamba, apinde manja pachifuwa, aimirire n'kukhala kasanu motsatizana osagwira paliponse. Akalephera kumaliza m'masekondi 14, kapena akafuna manja kuti adzuke, ntchafu zafooka. Kachiwiri, ikani chizindikiro pansi pa mtunda wa mamita 3. Adzuke, ayende mmene amayendera masiku onse kukafika pachizindikiropo, atembenuke, abwerere n'kukhala. Masekondi 12 kapena kuposa ndi chenjezo. Musangoyang'ana wotchi, onani mmene akutembenukira: timasitepe tambiri tating'onoting'ono, mapazi okwekwesa pansi, thupi kupendama. Inu muime pafupi, chakumbuyo pang'ono, mbali yomwe ndi yofooka. Ngati ali ndi chizungulire kapena ululu pachifuwa tsikulo, musawayese.

Chizungulire cha podzuka chili ndi kuyeza kwake. Ngati muli ndi makina a BP, agone mphindi 5, muyeze, kenako aimirire muyezenso pakatha mphindi imodzi ndi pakatha mphindi zitatu. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena yapansi ndi 10, magazi akuchedwa kufika kumutu akaimirira, ndipo n'chifukwa chake ambiri amagwa usiku akangodzuka pabedi. Manambalawo mupite nawo kwa dokotala. Pakadali pano azolowere kukhala kaye m'mphepete mwa bedi kwa mphindi imodzi, akugwedeza mapazi, asanaimirire.

Usiku umodzi muzimitse magetsi, muyende nokha njira yochokera pabedi lawo kukafika kuchimbudzi. Mudzapeza zonse: kachopondera kosuntha, waya wodutsa pakati, kasitepe ka pakhomo, switchi yomwe ili kutali ndi bedi. Chotsani zopondera, ikani nyale yoyaka usiku wonse kapena tochi pafupi ndi pilo. Patapata ndi sokosi pa simenti yosalala zimagwetsa, azivala nsapato yogwira chidendene ngakhale m'nyumba. Kubafa kufunika mpando wosambira, mphira yosaterera, ndi zogwirira zomangidwa m'khoma ndi mabawuti. Chitsulo chopachikapo thaulo sichinapangidwe kuti chinyamule munthu, chimazuka n'kugwa naye limodzi. Ngati chimbudzi chili patali, mpando wokhala ndi ndowa pafupi ndi bedi usiku ndi wabwino kusiyana ndi ulendo wamumdima.

Ndodo imathandiza ikakhala ya msinkhu woyenera. Ataimirira atavala nsapato, manja ali lende, chogwirira chifike pomwe pamakhala wotchi. Imagwiridwa dzanja la mbali yamphamvu, osati la mbali yofooka, ndipo imapita patsogolo limodzi ndi mwendo wofookawo. Pokwera masitepe mwendo wamphamvu utsogole, potsika wofooka utsogole. Kamphira ka kunsi kakatha, ndodoyo imaterera, muzikasintha.

Choopsa china anthu amachiiwala: kugona pansi nthawi yaitali pambuyo pa kugwa. Kupitirira ola limodzi pansi kumabweretsa kuzizidwa, kutha madzi, zilonda, ngakhale kuonongeka kwa impso. Dzifunseni kuti, mayi atagwa bambo ali kunja, angadziwe ndani, ndipo pangapite nthawi yotani? Foni ikhale m'thumba kapena pakhosi, osati patebulo. Woyandikana nawo mmodzi akhale ndi kiyi. Aphunzitseni kudzuka: kutembenukira chammbali, kugwada ndi manja pansi, kukwawira kumpando wolimba, kuponda pansi ndi phazi lamphamvu n'kudzikankha. Koma mukawapeza pansi mwendo umodzi ukuoneka waufupi, phazi lagwera kunja, akumva ululu m'chiuno kapena m'mphechepeche, musawaimiritse. Fupa la m'chiuno likhoza kukhala litathyoka. Afunditseni, muitane thandizo.

Abale anu ofuna munthu wokhala nawo ndiwachenjeze pang'ono. Wothandiza amene amachita zonse, mayi n'kumangokhala pampando kudikira, amafulumizitsa kufooka kumene mukukuopa. Minofu ya wokalamba imatha msanga akangokhala, ndipo kuibwezera n'kovuta. Mantha a kugwa nawonso amachititsa munthu kusiya kuyenda, miyendo n'kufookeratu, kenako n'kugwadi. WHO imalangiza a zaka 65 kupita m'tsogolo kuchita masewera olimbitsa minofu ndi othandiza kuima osapendama masiku atatu kapena kuposa pa sabata. Kuimirira n'kukhala pampando ka 10, m'mawa ndi madzulo, ndi poyambira pabwino.

Wa ku Famase wayankha:

Musanagamule kuti ndi ukalamba, sonkhanitsani mankhwala onse a m'nyumbamo patebulo. Onse ndithu: akuchipatala, ogula okha, opatsidwa ndi anzawo, azitsamba, a m'maso, ndi omwe ali m'matumba a majekete. Chizungulire, kuwodzera, kusokonezeka, kudzimbidwa ndi kusafuna kudya nthawi zambiri gwero lake limakhala patebulopo.

Werengani mapiritsi. Ngati analandira 30 omwa limodzi patsiku, ndipo papita masiku 20, pakuyenera kutsala 10. Mukapeza 22, akuiwala kapena asiyira dala chifukwa akuwazunguza. Mukapeza awiri, akumabwereza atamwa kale, ndipo izi n'zoopsa kuposa kuiwala, makamaka kwa mankhwala a shuga, a BP ndi ochepetsa kuundana kwa magazi. Onaninso dzina lenileni la mankhwala lolembedwa tizilembo ting'onoting'ono, chifukwa mankhwala amodzi amabwera m'mapaketi a mayina osiyana. Paracetamol, mwachitsanzo, amapezekanso m'mankhwala ambiri a chimfine, munthu n'kumamwa kawiri osadziwa. Ndipo apatseni botolo atsegule, awerenge okha zomwe zalembedwapo. Ena sakuiwala ayi, zilembo sizikuoneka kapena zala sizikutha kupotokola chivindikiro.

Aliyense womwa mitundu 5 ya mankhwala kapena kuposa, dokotala aziunikanso mndandanda wake wonse kamodzi pachaka. Ena ofunika kuwatchera khutu ndi awa. Diazepam ndi ena ogonetsa, amitriptyline, ndi Piriton amawodzeretsa, kusokoneza mutu ndi kugwetsa. Okodzetsa monga furosemide amamwedwa m'mawa. Akamwedwa madzulo, munthu amathamangira kuchimbudzi usiku wonse. Ibuprofen ndi diclofenac, omwe ambiri amadzigulira chifukwa cha mawondo, akamwedwa tsiku ndi tsiku amaononga impso, kukweza BP ndi kutulutsa magazi m'mimba. Chimbudzi chakuda bii chomatamata ndi chizindikiro cha magazi amenewo, ndipo n'chothamangira nacho.

Pa bambo anu pali mfundo yomwe imaphonyedwa kwambiri. Munthu akawonda kapena akachepetsa kudya, mlingo wa mankhwala omwe unali woyenera kale umakhala wochuluka. BP imatsika mopitirira, shuga amatsika mopitirira. Mwa mankhwala a shuga, glibenclamide ndi insulin ndiwo amachita zimenezi kwambiri. Shuga wochepera 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL malinga ndi makina anu, ndi wotsika: thukuta, kunjenjemera, kukwiya popanda chifukwa, kulankhula zosamveka. Ngati akutha kumeza, sungunulani masipuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, muyezenso pakatha mphindi 15, kenako adye. Ngati sakutsitsimuka bwino kapena sangameze, musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nawo.

Womwa warfarin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi akamenyetsa mutu, apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino. Magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, mutu kuwawa, kusokonezeka kapena kufooka n'kudzaonekera patapita masabata, aliyense ataiwala za kugwa kuja.

Musawasiyitse mankhwala nokha, chifukwa ena, monga diazepam womwedwa nthawi yaitali, amafunika kuchepetsedwa pang'onopang'ono. Kabokosi ka zipinda 7, kodzazidwa kamodzi pa sabata ndi munthu mmodzi yemweyo, kamathandiza amene amangosokoneza mapaketi. Koma kwa munthu amene sakudziwanso kuti lero n'lachingati, kabokosiko sikathandiza, atha kumwa za masiku atatu nthawi imodzi. Zikafika pamenepo pakufunika munthu woti aziwapatsa m'manja.

Wachisamba wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonsezi m'kope. Ndifunsenso ziwiri. Bambo pafoni amatha kufunsa chinthu chimodzi kawiri kapena katatu, ndipo nthawi zambiri mayi ndi amene amawayankhira. Kodi kumeneku n'kuiwala wamba kapena matenda? Chachiwiri, nkhani ya wothandiza ndingaiyambe bwanji? Ndikudziwa kale kuti adzakana.

Namwino wa Okalamba wayankha:

Kufunsa kawiri pafoni, choyamba ganizirani makutu. WHO imati mwa anthu opitirira zaka 60, oposa 25 pa 100 aliwonse ali ndi vuto lakumva lofika posokoneza moyo wawo. Wosamva bwino amayankha zosemphana ndi funso, amakweza wailesi, amasiya kucheza pagulu, ndipo anthu amamuyesa woiwalaiwala. Nthawi zina ndi phula chabe lomwe latseka khutu. Maso nawonso: ng'ala imabwera pang'onopang'ono mwini wake osazindikira, ndipo opaleshoni yake imabwezeretsa kuona. Munthu amene wasiya kuwerenga makalata ndi kuphika akhoza kukhala kuti sakuona chabe.

Kenako ganizirani kukhumudwa. Mwa okalamba sikuonekera kwenikweni ndi misozi, kumaonekera ndi kusafuna kudya, kusowa tulo, kudandaula za ululu apa ndi apo, ndi kusiya zomwe ankakonda. Afunseni muli awiri ngati m'masabata awiri apitawa akhala akumva kutaya mtima, ndiponso ngati zomwe zinkawasangalatsa zikuwasangalatsabe. Kuwonda pamodzi ndi kuiwala kumagwirizana kwambiri ndi matenda amenewa, ndipo ndi ochizika. Akanena kuti bola kufa, musawadzudzule kapena kusintha nkhani, mvetserani, ndipo muonane ndi achipatala mwachangu.

Kusiyana kwa kuiwala wamba ndi matenda oiwalitsa otchedwa dementia kuli pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Kuiwala dzina n'kulikumbukira madzulo, kusowa komwe waika kiyi, zimenezo n'za aliyense. Kuiwala kuti munacheza n'komwe, kusochera panjira yomwe ayenda zaka zambiri, kulephera kuwerengera chenje pomwe kale ankatha, kusiya moto ukuyaka mobwerezabwereza, kutumiza ndalama kwa anthu osawadziwa omwe aimba foni, kuyamba kunamizira ena kuba zinthu zomwe abisa okha, zimenezi n'zofunika kupimidwa. Anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi dementia, ndipo 60 mpaka 70 mwa 100 aliwonse ndi ya mtundu wa Alzheimer. Ndi matenda a ubongo, munthu sachitira dala, ndipo si aliyense wokalamba amadwala. Kuchipatala amatha kuwauza mawu atatu oti asunge, kuwajambulitsa wotchi yoloza 11:10, kenako kuwafunsa mawu aja. Izi zokha asiyireni achipatala. Mwana akamayesa bambo wake ngati ali m'kalasi, chomwe chimatsala ndi mkwiyo, ndipo munthu wosazolowera cholembera amalephera wotchiyo mutu uli bwinobwino. Pemphaninso kuti ayeze magazi, chifukwa chithokomiro chofooka ndi kuchepa kwa vitamini B12 zimaiwalitsa, ndipo B12 amachepa mwa ena omwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zambiri.

Kuyankhira kwa mayi n'chizindikiro pachokha. Anthu okhala limodzi zaka zambiri amaphimbirana: wina amakhala miyendo, wina mutu. Kunja kumaoneka ngati zonse zili bwino kufikira tsiku lomwe mmodzi wagonekedwa m'chipatala, pomwe mumazindikira kuti winayo sangakhale yekha ngakhale usiku umodzi. Choncho chezani ndi aliyense payekha. Mayi muwafunse kuti amadzuka kangati usiku chifukwa cha bambo, anatuluka liti komaliza kukacheza ndi anzawo, ndiponso ngati akupitabe kuchipatala pa matenda awoawo. Nthawi zambiri wofunika thandizo msanga ndi wosamalirayo.

Mlezi wayankha:

Pa kukana kuja, musapite ndi chigamulo chomanga kale, ndipo musapite ana nonse nthawi imodzi ngati mukukaweruza mlandu. Akamva mawu oti "wokusamalirani", amamva kuti atha ntchito. Yambani ndi funso: "Ndi ntchito iti yomwe ikukutopetsani kwambiri masiku ano?" Nenani zomwe mwaona ndi maso, chimodzi kapena ziwiri, monga "Ndaona kuti posamba mukugwirira chitseko, ndipo zikundisowetsa tulo." Kenako perekani thandizo la ntchito imodzi yomwe atchula okha, mwina kuchapa kapena kukagula zinthu, moyesa kwa mwezi umodzi. Munthuyo asankhe nawo. Malinga ngati mutu wawo ukugwira, ali ndi ufulu wokana, ngakhale inu musakugwirizana nazo. Pamenepo konzani zomwe avomera, nyale, zogwirira, ulendo wa kwa dokotala, nkhaniyo n'kudzaibweretsanso patapita masabata. Ambiri amamvera dokotala pa zomwe akanira ana awo. Zimasintha pokhapokha pakakhala ngozi yomwe iwo sakuthanso kuizindikira, monga moto, kusochera kapena kubwereza mankhwala.

Kuwasamutsa musathamangire. Munthu woiwalaiwala amayenda bwino m'nyumba yomwe thupi lake linaizolowera, ndipo malo atsopano amatha kumusokonezeratu.

Mukapeza wothandiza, ntchito zake zilembedwe, kuphatikizapo zomwe sakuyenera kuchita chifukwa makolo akuzitha okha. Pakhale kope limodzi lolembamo zomwe adya, mankhwala, chimbudzi, kugwa kulikonse ndi kulemera kwawo. Kope limenelo ndi lomwe muzipita nalo kwa dokotala. Khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi zisaperekedwe kwa wothandiza, ndipo wina wa inu azifika mosayembekezereka. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 aliwonse a zaka 60 kupita m'tsogolo amachitiridwa nkhanza yamtundu wina m'chaka chimodzi, ndipo ochita nkhanzawo nthawi zambiri amakhala anthu owadalira, achibale omwe. Makolo akamangoti chete wothandiza akalowa, mikwingwirima ikamaoneka m'mikono yonse iwiri ngati pogwiridwa mwamphamvu, kapena ndalama zikamatha mosadziwika, funsani muli nokha ndi iwo. Wothandizayo nayenso apatsidwe tsiku lopuma ndi womulowa m'malo, chifukwa wogona mwa apo ndi apo miyezi yambiri amayamba kupsa mtima.

Ngati wina mwa awiriwo adzafika pomakhalitsa pabedi kapena pampando, wothandiza aziyang'ana khungu tsiku lililonse posambitsa: kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno ndi zidendene. Malo ofiira kapena oderapo kuposa khungu lozungulira, otentha kapena olimba, omwe sasintha mukadinikiza ndi chala, ndi chilonda chomwe chayamba kale mkati. Asagonerenso mbali imeneyo, musapatikite, muziwatembenuza maola awiri aliwonse, ndipo pilo aikidwe pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere osakhudza matiresi.